Magemu a RPG: n'chifukwa chiyani mwana amamenya chilombo chimodzimodzi mpaka batire kutha?

M'boma la Maravia foni sikhalanso yongoimbira abale a ku Tete, ku Songo kapena kutsidya kwa malire ku Zambia. Kuchokera pomwe Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kumaimika nsanja za netiweki m'maboma akumidzi, foni yasanduka wailesi, banki komanso bwalo la masewera. Ku Fingoé, ku Malowera, ku Chiputo ngakhale ku Chipera mupeza achinyamata atawerama pa kafoni, zala zili yakaliyakali. Ambiri amakhala ali pa mpira kapena pa Free Fire, koma alipo ena amene anakodwa ndi mtundu wina wa magemu wotchedwa RPG. Amenewa ndiwo amadabwitsa makolo kwambiri. Mukasuzumira pa foniyo mumaona mwana akumenya chilombo chimodzimodzi, pamalo amodzimodzi, kuyambira madzulo mpaka batire kutha. Mukamufunsa ngati gemuyo ili ndi pothera, amangoti akukweza levo.

Yankho limeneli si lachipongwe. Mwanayo akunena zoona, ndipo zomwe akuchitazo zili ndi mbiri yake komanso masamu ake. Aliyense wosewera RPG amafika pena pomwe gemu imamuimitsa ngati wagunda khoma. Pamenepo gemuyo imakhala ikumupempha nzeru, nthawi kapena ndalama. Pa galasi la foni zonsezi zimaoneka chimodzimodzi: mdani wakugonjetsa basi. Koma kwa munthu wa kuno, amene mamega amagula ndi ndalama ya mtedza kapena ya ganyu, ndipo foni amakatchajitsa kwa mnzake wa sola, kudziwa chimene khomalo likufuna ndi nkhani ya m'thumba.

Munthu wa m'gemu amakula

Zilembo za RPG zikuimira mawu a Chingerezi onena za masewera omwe wosewera amalowa m'malo mwa munthu wina, kaya msilikali, mlenje kapena mwana wa mfumu, n'kuyenda naye ulendo wautali. Masewerawa sanayambire pa kompyuta. Mu 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, yomwe anthu ankasewera atazungulira tebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mfundo yake yaikulu ndi imene magemu onse a mtunduwu akuyendera mpaka lero. Munthu amene ukumusewerayo akagonjetsa mdani amalandira mapointi otchedwa XP, ndipo mapointiwo akakwana amakwera levo: mphamvu zimawonjezeka, moyo umachuluka, nkhonya imalemera.

Tiyerekeze ndi bawo, yomwe ena kuno amati ntchuwa kapena nsolo. Pa bawo amene amakula ndi wosewera yekha. Njere zimakhala zomwezo, maenje omwewo, ndipo ukagonja kwa agogo lero, mawa udzagonjanso pokhapokha utaphunzirapo kanthu. Pa RPG akukula ndi awiri, wosewera ndi munthu wa m'gemu. Choncho n'zotheka kupambana popanda kuphunzira chilichonse. Ungobwerera kutchire, n'kumapha tizilombo tofooka mazanamazana mpaka manambala ako atapitirira a mdani uja.

Kubwerezabwereza kumeneku a Chingerezi amakutcha grinding, mawu omwe tanthauzo lake lenileni ndi kugaya, monga chimachitira chigayo. Achinyamata athu amene amaonera mavidiyo a osewera a ku Brazil amamva mawu ena awiri: upar, kukweza levo, ndi farmar, ochokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kulima. Onse anasankha mawu a ntchito yolemetsa, ndipo sanalakwe. M'nkhani ino tiziti kugaya.

Kunayamba chifukwa chosowa malo

Mu 1986 kampani ya Enix ya ku Japan inatulutsa Dragon Quest pa makina a Famicom. Gemu yonseyo inakwana m'makilobaiti 64 okha, kanthu kakang'ono kuposa chithunzi chimodzi chojambula ndi foni ya lero. M'kamalo kotere simukanalowa midzi yambiri kapena nkhani yaitali. Njira yochititsa kuti wogula asangalale nayo kwa masabata inali kumubweza: asanawoloke mlatho kupita kudera la adani oopsa, ayambe wazungulira pafupi ndi mudzi, asonkhanitse XP ndi ndalama zogulira lupanga labwinopo.

Komabe sikunali kutalikitsa chabe. Yuji Horii, amene anakonza gemuyi, ankafuna kuti ngakhale munthu wopanda zala zachangu aimalize. N'chifukwa chake mu Dragon Quest ukafa sutaya zonse. Umadzuka kunyumba ya mfumu, theka la ndalama zako lapita, koma XP yonse ilipo. Kugonja kulikonse kumakusiya wamphamvupo kuposa poyamba. Pa magemu ena a nthawi imeneyo, wopanda luso ankangokhala pa chigawo choyamba mpaka kugwa ulesi. Apa wakhama aliyense ankafika kumapeto. Anthu anaikonda kwambiri moti Dragon Quest III itatuluka Lachitatu pa 10 February 1988, ana ambiri ku Japan anajomba kusukulu n'kukaima pa mizere ya m'masitolo. Madandaulo a makolo pa nkhani ya magemu sanayambire ku Maravia.

Masamu ake ndiwo amapusitsa osewera ambiri. Tengani Pikachu wa m'magemu a Pokémon, omwe anayamba mu 1996. Kuti afike levo 10 amafunika mapointi 1,000. Levo 20 imafuna 8,000, levo 50 imafuna 125,000, ndipo levo 100, yomwe ndi yomaliza, imafuna 1,000,000. Mwana amene wafikitsa Pikachu wake pa 50 amaganiza kuti ali pakati pa ulendo, chonsecho wasonkhanitsa gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi atatu. Mu RuneScape, gemu ya pa intaneti ya kampani ya Jagex ya ku Britain yomwe inayamba mu 2001, zimaposa pamenepa. Levo 99 pa luso lililonse imafuna mapointi oposa 13 miliyoni, ndipo theka la mapointi amenewa umalikwanitsa uli pa levo 92. Masitepe asanu ndi awiri omaliza amalemera mofanana ndi onse a m'mbuyo kuwaphatikiza pamodzi.

Opanga magemu amakonza dala chonchi pofuna kukankha wosewera kuti apite patsogolo. Adani amphamvu amapereka mapointi ochuluka, ndiye amene akuyenda ndi nkhani samva kulemera kwenikweni. Amene amavutika ndi uja wokakamira pa tizilombo ta pafupi ndi mudzi poopa kufa. Amakhala ngati munthu wodzaza mgolo ndi sipuni pomwe chidebe chili pambali.

Ng'ombe ya Whitney

Chitsanzo chabwino cha khoma lofuna nzeru chili mu Pokémon Gold ndi Silver za mu 1999, ndipo anthu a m'dera loweta ng'ombe ngati lathu angachimve bwino chifukwa mdani wake ndi ng'ombe yaikazi. Mu mzinda wa Goldenrod muli mtsogoleri wachitatu amene wosewera ayenera kumugonjetsa, mtsikana wotchedwa Whitney. Ali ndi zilombo ziwiri zokha, ndipo chachiwiri ndi Miltank, ng'ombe yooneka yofatsa ya levo 20. Ng'ombe imeneyi yaliza ana ambiri padziko lonse. Ili ndi kamenyedwe kotchedwa Rollout, komwe imadzikunkhuniza ngati mwala, ndipo ikagunda motsatizana mphamvu yake imawirikiza kawiri ulendo uliwonse mpaka kasanu. Ukaipweteka, imamwa mkaka wake womwe n'kubweza theka la moyo wake. Wosewera amene wakhala akudalira chilombo chimodzi chokha kuyambira poyamba amaona gulu lake lonse likugwa limodzilimodzi.

Ambiri amathamangira kuudzu kukagaya kwa maola awiri kapena atatu. Zimathandiza ndithu, koma yankho lenileni lili mumzinda momwemo. M'sitolo yaikulu ya ku Goldenrod muli munthu amene akufuna Drowzee, kachilombo kopezeka pa msewu wa kumwera kwa mzindawo, ndipo ukamupatsa amakusinthira Machop. Machop ndi wa gulu la omenya nkhonya, lomwe limapweteka ng'ombeyo mowirikiza kawiri. Opanga gemu anaika khomalo dala kuti wosewera aphunzire kulankhula ndi anthu a m'mudzi komanso kusiya kudalira mphamvu za mmodzi. Ine ndimaona kuti makoma abwino kwambiri ndi otere, chifukwa ukawadutsa umakhala wasintha iweyo, osati manambala okha.

Kampani ya FromSoftware inamanga mbiri yake yonse pa makoma oterewa. Mu Dark Souls ya mu 2011 ndi Elden Ring ya mu 2022, zomwe anatsogolera Hidetaka Miyazaki, mulibe posankha kuti gemu ikhale yophweka. Ukafa, chuma chonse chimene sunachigwiritse ntchito chimatsala pomwe wafera. Uli ndi mwayi umodzi wokachitenga, ndipo ukafanso usanafike, chapita. Anthu amagonja kwa mdani mmodzi kambirimbiri mpaka ataloweza mmene amakwezera lupanga ndi pomwe amapumira. Magemu amenewa amafuna kompyuta yamphamvu kapena PlayStation, ndiye kuno ambiri amangowaonera pa YouTube ndi TikTok, koma mkangano wake ngofunika kuumva. Ena amati kuvutako ndiko kukoma kwake. Ena, makamaka olumala manja ndi akuluakulu osowa nthawi, amati kukana kuika njira yophweka n'kutsekera anthu kunja. Elden Ring inayesa njira yapakati. Ukalephera kwa Margit, mlonda wa pa njira ya ku linga loyamba, palibe chokukakamiza kuima pomwepo. Ungathe kutembenuza hatchi, kupita kumwera kukafufuza madera ena, n'kubwerako utakula, kapenanso kuitana wosewera wina kuti adzakuthandize.

Palinso osewera amene amadandaula kuti magemu aphweka mopitirira. Kuyambira pa Pokémon X ndi Y mu 2013, mapointi anayamba kugawidwa kwa gulu lonse ngakhale kwa amene sanamenye nawo, ndipo kugaya kunachepa kwambiri. Okonda zovuta anali atadzipangira kale malamulo awoawo otchedwa Nuzlocke, omwe anatchuka kuyambira mu 2010: chilombo chako chikakomoka uchitenge ngati chafa, ndipo m'dera lililonse ugwire choyamba chokha chimene wakumana nacho. Gemu ndi yomweyo, koma ndewu iliyonse imakhala yogunditsa mtima.

Kayendedwe ka ulendo

Wokamba nthano waluso amadziwa pofulumira, podekha ndi poika nyimbo kuti ana asagone. Gemu nayonso imafuna luso lomwelo. Katswiri wa maganizo a anthu, Mihaly Csikszentmihalyi, anafotokoza kuti munthu amamira mu ntchito mpaka kuiwala nthawi pamene kuvuta kwa ntchitoyo kukufanana ndi luso lake. Ikavuta kwambiri amada nkhawa, ikaphweka kwambiri amatopa nayo. Opanga magemu amayesetsa kuyendetsa wosewera pakati pa ziwirizi, ndipo nthawi zambiri amaphonya.

Final Fantasy XIII ya mu 2009 ili ndi mitu 13, koma wosewera amayenda m'kanjira kamodzi kopanda mphambano mpaka mutu 11, pomwe dziko limatseguka. Amene anapirira ankauza anzawo kuti imayamba kukoma pakatha maola oposa 20, ndipo anzawowo ankafunsa chifukwa chake ayenera kulipira ndi maola onsewo. The Elder Scrolls IV: Oblivion ya mu 2006 inalakwitsa mwa njira ina. Pofuna kuti gemu isaphweke, adani ankakula limodzi ndi wosewera, moti pomaliza mbava wamba ya m'tchire inkapezeka itavala zida zodula kuposa za akalonga. Wosewera ankakwera levo koma osamva kuti wakula, chikhalirecho chisangalalo chachikulu cha RPG ndi kubwerera kwa chilombo chimene chinakuzunza poyamba n'kuchigwetsa ndi nkhonya imodzi.

Nkhani ina yochititsa chidwi inachitika pokonza World of Warcraft ya mu 2004. Pa nthawi yoyesera, wosewera akatalikitsa ankayamba kulandira mapointi ochepa ngati watopa. Anthu anakwiya. Kampani ya Blizzard inangotembenuza kafotokozedwe: amene wapuma amalandira mapointi owirikiza kawiri kwa kanthawi akabwerera. Kawerengedwe kanali pafupifupi komweko, koma chimene chinali chilango chinasanduka mphatso, ndipo madandaulo anatha. Nkhaniyi ikuonetsa mmene opanga magemu amadziwira bwino mtima wa munthu.

Masiku ano magemu ambiri akale akamatulutsidwanso amabwera ndi batani lothamangitsira. Final Fantasy XII yomwe inakonzedwanso mu 2017 imalola kuyendetsa zonse mofulumira kawiri kapena kanayi, ndipo Bravely Default imalola wosewera kuchepetsa kapena kuzimitsiratu adani a m'njira. Kampani ikaika batani lotere imakhala ikuvomera mwakachetechete kuti maola ena aja anali madeya.

Pamene kuchedwa kwasanduka malonda

Zonse tanenazi zikukhudza magemu omwe munthu amagula kamodzi. Wopanga gemu yotere sapindula kanthu ukachedwa. Zinthu zinasintha pomwe magemu anayamba kugulitsa katundu mkati mwake. Mu 2018, Assassin's Creed Odyssey ya kampani ya Ubisoft, yomwe inali yogula kale, inkagulitsanso pa mtengo wa madola pafupifupi 10 chinthu chowonjezera XP ndi theka pa ndewu iliyonse. Osewera ambiri anafunsa funso loyenera: ngati mukugulitsa mankhwala a kuchedwa, tidziwa bwanji kuti kuchedwako simunakuike dala?

Pa mafoni ndiye mchitidwewu unafika pachimake, chifukwa magemu ambiri amalowetsedwa ulere. Tione Genshin Impact, yomwe kampani ya miHoYo ya ku Shanghai inatulutsa mu September 2020. Ndi gemu yokongola, ndipo munthu angathe kutsatira nkhani yake osalipira. Imafuna foni yamphamvu ndi malo ochuluka, choncho si ambiri kuno amene ali nayo, koma manambala ake ndi odziwika bwino ndipo njira yake ndi imene magemu opepuka ambiri akutsanzira.

Choyamba, kugaya kwenikweniko kuli ndi mita. Kuti utenge mphoto ukagonjetsa adani ena umalipira ndi chinthu chotchedwa resin, chomwe chimabwerera chimodzi pa mphindi 8 zilizonse, kutanthauza 180 pa tsiku. Kuyambira mu 2024 nkhokwe yake imadzaza pa 200. Ikadzaza, zowonjezera zimatayika, ndiye wosewera amamva kuti tsiku lomwe sanatsegule gemu waluza. Ikatha, udikire kapena ulipire. Apa gemu sikufunsanso ngati uli ndi luso. Ikufuna uzibwera tsiku lililonse.

Chachiwiri, anthu amphamvu a m'gemumo amapezeka mwa mwayi, pa njira yotchedwa gacha, dzina lochokera ku makina a ku Japan oponyamo kandalama n'kutulutsa kachidole kosadziwika. Kuyesa kamodzi kumadya timiyala 160 totchedwa primogem. Mwayi wopeza munthu wa nyenyezi zisanu pa kuyesa kumodzi umayambira pa 0.6 peresenti, kutanthauza 6 pa 1,000. Gemu imalonjeza kuti pofika kuyesa kwa 90 umupeza ndithu, koma ngakhale pamenepo akhoza kutuluka wina osati amene ukumufuna. Kuti utsimikize, zikakuvuta kwambiri, ungafike pa 180, omwe ndi timiyala 28,800. Ntchito za tsiku ndi tsiku zimapereka timiyala 60. Zilipo njira zina zopezera timiyala ulere, monga zochitika zapadera ndi kufufuza madera atsopano, koma ndi ntchito za tsiku zokha pangafunike masiku 480. Wosafuna kudikira amagula. Phukusi la madola pafupifupi 100 limakwana kuyesa maulendo 50, ndipo madola 100 ndi mametikali pafupifupi 6,400, ndalama yoyandikira malipiro otsikitsitsa a mwezi wathunthu a wogwira ntchito zaulimi m'dziko muno.

Free Fire si RPG, koma inatengera nzeru yomweyi pa madayamondi ake ndi gudumu lozungulitsa lofunira zovala ndi zida. Achinyamata ambiri amagula madayamondiwa kudzera kwa anthu ogulitsa pa WhatsApp ndi Facebook, polipira pa M-Pesa kapena e-Mola. Ena mwa ogulitsawo ndi okhulupirika, ena amalandira ndalama n'kuzimitsa foni, ndipo wopempha nambala yachinsinsi ya akaunti yanu amakhala akufuna akauntiyo.

Chimene chimavutitsa kusiya n'chodziwika kalekale. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, poyesa nkhunda m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti nkhunda yomwe imalandira chakudya mosadziwika nthawi yake imajompha kabatani mosalekeza kuposa yomwe ikudziwa kuti chakudya chibwera liti. Mu 2001 John Hopson analemba nkhani yotchuka yofotokozera opanga magemu mmene angagwiritsire ntchito mfundo imeneyi. Anthu a m'chigawo chathu safunika nkhunda kuti amvetse. Amene anaonapo okumba golide akudziwa mmene munthu amathera masabata m'dzenje osapeza kanthu, koma osachoka, chifukwa mnzake wa dzenje loyandikana anapeza dzana. Kusiyana kwake n'kwakuti golide ukamupeza umagulitsa, pomwe munthu wa nyenyezi zisanu amatsala m'foni.

Maboma ena analowererapo. Japan inaletsa mtundu wina wa gacha wotchedwa kompu gacha mu 2012. Belgium inagamula mu 2018 kuti mabokosi a mwayi ogula ndi ndalama ndi njuga, ndipo Diablo Immortal itatuluka mu 2022 sinaperekedwe ku Belgium ndi ku Netherlands. Mu January 2025 kampani yofalitsa Genshin Impact inavomera kulipira madola 20 miliyoni pa mlandu womwe bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaiimba, komanso kusiya kugulitsa mabokosi oterewa kwa ana osafika zaka 16 popanda chilolezo cha makolo.

Mwina mwaonapo zotsatsa zonena kuti mungapeze ndalama posewera. Zinachitikapo ndithu. Chuma cha Venezuela chitagwa, anthu ambiri kumeneko ankagaya golide wa mu RuneScape n'kugulitsa kwa osewera a m'mayiko olemera, ngakhale malamulo a gemuyo amaletsa. Ku Philippines mu 2021 mabanja ankadalira Axie Infinity, ena mpaka kubwereka zilombo za m'gemumo kwa eni ake n'kumagawana phindu. Chaka chotsatira mtengo wa ndalama ya m'gemuyo unagwa ndi zoposa 90 peresenti, ndipo mu March 2022 akuba a pa intaneti anaba chuma choposa madola 600 miliyoni pa njira yomwe gemuyo inkasungira ndalama. Amene analowa mochedwa atagula zilombo modula ndiwo analira kwambiri.

Kwa makolo ndi aphunzitsi

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, linaika vuto lokonda magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda mu 2019, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma silinanene kuti aliyense wosewera maola ambiri akudwala. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zinthu zina zonse za moyo, ndi kupitiriza ngakhale zikuwononga sukulu, ntchito kapena banja, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Bungwelo limanenanso kuti ndi ochepa mwa osewera amene amafika pamenepa. Mwana amene wakakamira pa ng'ombe ya Whitney Loweruka lonse, Lolemba n'kupita kusukulu bwinobwino, sali m'gulu limeneli.

Chothandiza ndi kudziwa mtundu wa gemu imene mwana ali nayo. RPG yosafuna intaneti imasungika m'foni momwemo, ndipo mawa udzaipeza pomwe unaisungira. Mwana wotere mukamutuma kumadzi kapena kokatsekera mbuzi alibe chotaya. Gemu ya pa intaneti yokhala ndi mphoto za tsiku ndi tsiku ndi ina. Imawerenga masiku, imaika zinthu zotha pakapita sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo ikakhala yosewera ndi anzake singaimitsidwe pakati. Mwana akamati dikirani pang'ono, nthawi zina akunena zoona kuti akachoka agwetsa gulu lonse. Kugwirizana naye nthawi yoyambira kumathandiza kuposa kumulanda foni ndewu ili mkati. Miyezi yovuta kwambiri ndi November ndi December, pomwe mayeso a kumapeto kwa chaka amakumana ndi mvula yoyamba ndipo manja onse akufunika kumunda. Kalendala ya gemu yopangidwa ku Shanghai sidziwa za kubzala.

Si magemu onse a mtunduwu amene amachokera kutali. Ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, gulu la achinyamata la Kiro'o Games lotsogozedwa ndi Olivier Madiba linatulutsa mu April 2016 RPG yotchedwa Aurion: Legacy of the Kori-Odan. Ndi nkhani ya Enzo ndi Erine, mfumu ndi mfumukazi ya mzinda wa Zama, omwe analandidwa ufumu pa tsiku la ukwati wawo, ndipo mphamvu za Enzo zimachokera kwa makolo ake akale. Anaipanga akulimbana ndi kuzimazima kwa magetsi, vuto lomwe ifenso timalidziwa ngakhale damu la Cahora Bassa tili nalo pafupi. Ndi gemu yogula kamodzi, yosewera popanda mamega.

Musanalowetse gemu iliyonse, pali zinthu zomwe mungaone nokha. Pa Play Store, pansi pa dzina la gemu kapena pafupi ndi batani lolowetsera, pamalembedwa ngati mkati mwake muli zogulitsa. Kuyambira mu December 2017 kampani ya Apple, ndipo kuyambira mu 2019 kampani ya Google, zimalamula kuti gemu yogulitsa zinthu za mwayi ionetse manambala a mwayiwo munthu asanalipire. Kawirikawiri amabisika pa kabatani kakang'ono m'munsi mwa tsamba logulitsira, kolembedwa kuti Detalhes kapena Details. Mukaona nambala yosafika 1 peresenti, dziwani kuti pa kuyesa 100 n'zotheka osapeza kanthu ngati gemuyo ilibe lonjezo ngati la 90 lija. Kuyesa kwina n'kosavuta kuposa apa: zimitsani mamega, kenako tsegulani gemuyo. Ikatseguka n'kukupititsani pomwe munasiyira, ulendo wanu wasungidwa m'foni mwanu. Ikakana, zonse zomwe mwagaya zili pa makompyuta a kampani, ndipo tsiku lomwe kampaniyo idzatseke gemuyo zidzapita nayo limodzi.